Zaka 12 za m'botolo, ndi masiku a mng'ono wanga

Botolo loyamba la wisiki lomwe ndidaligwira ndi manja anga lidali ndi nambala 12 pamimba. N'kuti ndangoyamba kumene ntchito pa bala ya hotela ina mumzinda wa Tete, zaka zija malasha a ku Moatize adakokera anthu a mitundu yonse m'mbali mwa Zambezi. Kampani ya migodi ya Vale idali itayamba kukumba mu 2011, inzake ya Rio Tinto idali ku Benga, ndipo lendi idakwera mwakuti ife ochokera kumapiri tinkapanikizana anayi m'kachipinda kamodzi ku Matundo, thukuta lili kamukamu, kutentha komwe kwathu ku Angónia sitikudziwa. Ndidafunsa mkulu yemwe ankandiphunzitsa ntchito kuti 12 ameneyu ngwachiyani. Adati ndi zaka. Dontho lililonse m'botolomo lagona mumgolo wamatabwa zaka zosachepera 12, ndipo ngakhale asakanizemo wina wa zaka 20, nambala yolembedwa imakhalabe ya wamng'onoyo. "Ndi lamulo la kwawo limenelo," adatero. "Akanama ndi mlandu."

Tsiku limenelo ndidangodabwa kuti kunja kuno kuli dziko lomwe lamulo limawerengera mowa masiku ake. Kudabwako kudadzasanduka chilonda patapita zaka, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

Mowa wotcheza sindidaudziwire ku hotela ayi. Ndidakulira mu utsi wake. Bambo atamwalira, munda wa chimanga ndi dimba la kachewere sizinkakwanira makope, yunifolomu ndi feteleza, choncho mayi adatiphunzitsa sukulu ndi kachasu, yemwe ena m'dziko muno amati nipa. Anzathu a kuchigwa, cha ku Changara uko, amatcheza wa masau. Ife kumtunda ndi madeya ndi shuga. Mayi ankaviika madeya mumgolo, kuthiramo shuga ndi chimera pang'ono, kuvundikira, n'kudikira masiku mpaka kuwira kutaleka. Tsiku lotcheza ankadzuka tambala woyamba. Mtsuko pamoto, kukamwa kwake komata bwino kuti nthunzi isathawe, paipi yodutsa m'kabwato ka madzi ozizira, kumapeto kwake botolo la velemoti. Ntchito yanga idali yotunga madzi ndi kusintha a m'kabwato akafunda. Moto ankausamala okha, sankalola mwana aliyense kusonkhezera. Ankati moto ukakula mowa umathamanga, ndipo mowa wothamanga umatuluka ndi fungo lopserera.

Akumwa amalimbirana mutu, uja woyamba kutuluka, chifukwa ngwaukali. Koma madontho oyambirira enieni, odzaza kachikho kamodzi, mayi ankawakhuthulira pansi. Ndili mwana ndinkayesa akupatsa mizimu. Tsiku lina adandiyandikizira kachikhoko pamphuno. "Nunkhiza wekha, mwana wanga. Choyamba kutuluka sichimwedwa. Chimabwera ndi litsiro la m'paipi, ndipo ukali wake ngwabodza."

Nditayamba kuwerenga za kapangidwe ka wisiki ku Scotland, usiku bala ikatsekedwa, ndidapezamo mayi anga. Iwo amaviika barele m'madzi kuti amere, monga ife timachitira ndi chimera, kenako amamuumitsa. Ena poumitsapo amafukiza peat, lomwe ndi dothi lakuda la m'madambo lochokera ku zomera zowolerana zaka zambirimbiri, ndipo ndi mmene wisiki wa pachilumba cha Islay, monga Laphroaig ndi Lagavulin, amapezera fungo la utsi. Akapera chimeracho amachisungunula m'madzi otentha, kutenga madzi otsekemerawo, kuthiramo yisiti. Pakapita masiku awiri kapena atatu amakhala ndi mowa wofooka, wa mphamvu pafupifupi 8 peresenti. Umenewu ndiwo amautcheza, kawirikawiri maulendo awiri, m'miphika ikuluikulu yamkuwa. Chinsinsi chake n'chimodzimodzi ndi cha pamtsuko wathu: madzi amawira pa madigiri 100, mowa weniweni pa 78, ndiye ukatenthetsa mofatsa, nthunzi yoyamba kukwera imakhala ndi mowa wambiri. Ndipo nawonso sasunga zonse zotuluka. Zoyamba amazipatula, zotsiriza zofooka ndi zonunkha amazipatulanso n'kuzibwezera mumphika, amangotenga zapakati. Wotcheza amayang'anira zimenezi kudzera m'bokosi lagalasi lokhoma ndi loko, lomwe kwa zaka zambiri makiyi ake ankasunga a msonkho, kuti pasatuluke dontho losawerengedwa.

Pomwe timasiyana ndi pamgolo. Kachasu wa mayi ankagulidwa akadali wofunda. Wa ku Scotland saloledwa kutchedwa Scotch asanagone zaka 3 mumgolo wa mtengo wa oki, m'dziko momwemo, ndipo m'botolo asatsike pa 40 peresenti. Akamalowa mumgolo amakhala woyera ngati madzi, ngati kachasu yemwe. Mtundu ndi kukoma kwambiri zimachokera m'thabwa. Migolo yambiri imakhala yoti idasungapo wisiki wa ku America wotchedwa bourbon kapena vinyo wa sherry wa ku Spain. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti imauluka kudzera m'matabwamo, ndipo eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Chidandisangalatsa kwambiri n'chakuti si barele yekha. Bourbon amayenera kukhala ndi chimanga chosachepera 51 peresenti, ndipo Bain's, wopangidwa ku Wellington ku South Africa, ngwachimanga chokhachokha. Chimanga chomwechi timakolola ku Domwe.

Kulawa ndidakuphunzira mochedwa, chifukwa kwathu mowa waukali amaumeza maso atatsinzina. Mkulu uja ankatithirira pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa, n'kutiletsa kumwa. Yamba wanunkhiza, kukamwa kuli kotsegula pang'ono kuti ukali usakutseke mphuno. Thiramo timadontho ta madzi, dikira, nunkhizanso. Ukalawa usunge palilime, ndipo ukameza ukhale chete, umvetsere chomwe chatsalira kummero. Mabuku amatchula zipatso zomwe sindidazionepo, choncho ndidadzipezera mawu anga. Wa mumgolo wa bourbon amandikumbutsa uchi ndi nthochi yakupsa kwambiri. Wa mumgolo wa sherry ndi masau ouma aja amagulitsa m'mabeseni pamsika. Wa ku Islay ndi denga la khitchini ya agogo, mwaye uli lendelende, nsomba ikuwambidwa pansi pake. Ulendo wina mkuluyo adakulunga mabotolo anayi m'mapepala kuti tisaone maina, ndipo tonse tidasankha wodera kwambiri kuti ndiye wakale. Adali wamng'ono pa onsewo. Lamulo la ku Scotland limalola kuthiramo caramel pang'ono, shuga wowotcha wongokometsa mtundu, ndiye diso likatsogola, lilime limangovomereza.

Mbiri yake ili ndi mbali yomwe imandikhudza. Kalata yakale kwambiri yotchula mowa umenewu ku Scotland ndi ya 1494, ndipo dzina loti whisky lidachokera ku mawu a chinenero chawo, uisge beatha, kutanthauza madzi a moyo. Kwa zaka zambiri alimi osauka a kumapiri a kumeneko ankatcheza mobisa, akuthamangitsana ndi a msonkho. Mu 1823 boma lidasintha lamulo: msonkho udatsika, chiphaso chidaikidwa pa mapaundi 10. Chaka chotsatira George Smith wa ku Glenlivet adatenga chiphaso, ndipo ntchito yomwe dzulo lake idali mlandu lero ndi ulemu wa dziko lonse. Agogo anga aakazi ankasimba zina. Nthawi ya Apwitikizi asipayi, apolisi a atsamunda, ankaswa mitsuko ya kachasu m'midzi, wogwidwa ankalawa mbalamatodya m'manja, pomwe m'makantini vinyo wochokera ku Portugal ankagulitsidwa poyera. Nthunzi yake ndi yomweyo, moto ndi womwewo. Chosiyana chidali chakuti lamulo lidayang'ana mbali iti.

Sindikuti mowa wa m'midzi ulibe ngozi. Ife a ku Tete sitingaiwale Chitima. Pa 9 Januwale 2015 anthu ochokera kumaliro adamwa pombe, ndipo 75 adamwalira, kuphatikizapo mayi yemwe adafulula mowawo. Dziko lidalira masiku atatu. Mawu oyamba kutuluka, omwe adayenda pa wailesi, m'machapa (maminibasi) ndi m'misika, adali akuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona. Aliyense adali ndi munthu womuganizira. Zoona zake zidadziwika mu Novembala: ufa wa chimanga womwe udanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuwola udali ndi kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, komwe kamatulutsa poizoni wa bongkrekic acid. Padalibe mfiti, padalibe ng'ona. Miyezi 10 yonse ija tidakhala tikumwa mutu wa nkhani, ndipo ndimanjenjemera ndikaganiza za munthu yemwe akadagwa m'manja mwa gulu sabata yoyamba ija.

Mng'ono wanga adagwa m'manja otero.

Iye sukulu adalekeza kalasi yachinayi, Chipwitikizi chake n'cha moni ndi kuwerenga ndalama. Ankagula kachewere m'madimba n'kukagulitsa pamsika wina wa m'malire, kutali ndi kwathu. Usiku wina sitolo idathyoledwa pamsikapo, mlonda adavulazidwa m'mutu. M'mamawa wina adati adaona mnyamata wa jekete yofiira. Mng'ono wanga adali atagona pambali pa matumba ake, atafunda jekete yofiira, mlendo wopanda womuikira kumbuyo. Adamumenya kufikira apolisi adamulanditsa, ndipo pamenepo ndimawathokoza, chifukwa matayala adali atabwera kale. Koma madzulo ake adamuikira pepala patsogolo, lolembedwa m'Chipwitikizi, n'kumuuza kuti adinde chala azipita kwawo. Adadinda. Sadapite kwawo.

Ife tidamva patapita masiku 9, kwa mnzake wogulitsa naye. Kuyambira tsiku limenelo mayi adatenga botolo la velemoti, adaponyamo maso a chimanga 9, ndipo m'mawa uliwonse ankaonjezamo limodzi.

Zomwe zidatsatira amazidziwa aliyense amene mbale wake adalowapo m'chitokosi. Kukwera chapa ndi kambale ka nsima ndi nyemba, kufika itazizira. Kufunsa za mlandu, kuuzidwa kuti pepala lapita kwina. Kupita kwinako, kuuzidwa kuti silidafike. Munthu wina wovala bwino adatiuza kuti akudziwa njira, pangofunika refresco, kangachepe ka chiphuphu. Mayi adagulitsa mgolo wawo, paipi ndi mbuzi ziwiri. Munthuyo sitidamuonenso. Mvula yoyamba idagwa, munda wa mng'ono wanga udamera thengo, mlamu wanga adatenga mwana n'kubwerera kwa makolo ake poti panyumba padalibe chakudya. Ine ndinkachoka ku Tete Lamlungu m'bandakucha, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama, kukamuona mphindi zochepa n'kubwerera kuti Lolemba ndikaime kuseri kwa bala. Nthawi iliyonse ndinkamupeza atachepa. Mphere m'manja, chifuwa chosatha. Sankadandaula za njala. Funso lake lidali limodzi: "Achimwene, andiuza liti tsiku?"

Akuluakulu amati mlandu suola. Mwambiwu ndidakula ndikuumva ngati chitonthozo, kuti wolakwa ngakhale athawe adzayankhabe. M'miyezi imeneyo ndidauda. Mlandu suola chifukwa ndi pepala, ukhoza kugona m'kabati zaka. Munthu ndiye amaola. Kuntchito ndinkapukuta mabotolo olembedwa 12, 15, 18, chaka chilichonse chowerengedwa, chotetezedwa ndi lamulo, chokweza mtengo. Wisiki akagona amakoma. Mwana wa mayi anga ankagona pasimenti akutha, ndipo padalibe ofesi yomwe inkadziwa kuti lero ndi tsiku lake lachingati.

Chowawa n'chakuti malamulo athu si oipa. Ndidadzawawerenga pambuyo pake, ndime ndi ndime. Malamulo aakulu a dziko la Mozambique a 2004, pa ndime 59, amati woimbidwa mlandu ngwosalakwa kufikira khoti litagamula komaliza. Ndime 62 imati boma lionetsetse kuti wosauka ali ndi womuimira. Ndime 64 imati womangidwa auzidwe nthawi yomweyo, m'njira yoti amve, chifukwa chomwe wamangidwira, wachibale wake adziwitsidwe, ndipo kusunga munthu mlandu usanazengedwe kuli ndi malire a nthawi. Ndime 65 imati umboni wopezeka mozunza kapena mokakamiza ngwopanda ntchito. Wogwidwa amayenera kuonekera kwa woweruza pasanathe maola 48. Mu 2013, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Liga dos Direitos Humanos, lomwe ankatsogolera mayi Alice Mabota, litakadandaula, Conselho Constitucional, bwalo loweruza nkhani za malamulo aakulu a dziko, idagamula kuti woweruza yekha ndiye angalamule kuti munthu asungidwe podikira mlandu, osati wapolisi kapena mkulu wa boma. Zonsezi zidalipo kale tsiku lomwe mng'ono wanga ankadinda chala. Zidali m'Chipwitikizi, m'mabuku, ku Maputo ndi m'maofesi, ndipo kumudzi kwathu padalibe ndi mmodzi yemwe adazimvapo.

Nkhani ya chinenero imeneyi anthu a m'tauni amaipeputsa. Pabwalo la mfumu, kapena m'makhoti a m'midzi aja adakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, muli zokhota zake: wachuma amamveka kwambiri, mayi wamasiye amaponderezedwa, nkhalamba imanamiziridwa ufiti. Koma munthu amamva chomwe akumunenera, amayankha ndi pakamwa pake, abale ake ali pambali. Kukhoti la boma mlimi wa ku Tsangano kapena ku Macanga amaima ngati mbuzi pamsika, anthu akukambirana mtengo wake. Ndipo akamafika pamenepo patapita miyezi wopanda sopo, tsitsi lili nyankhalala, malaya ong'ambika, amaoneka ndithu ngati wakuba. Diso limatsogola monga lidatitsogolera pa mabotolo okulungidwa aja.

Khomo lidatseguka chonchi. Padali bambo wina, loya, yemwe ankabwera Lachisanu lililonse, kukhala pakona, kuitanitsa wa ku Islay wopanda ayezi ndi kapu ya madzi pambali. Ndinkadziwa muyeso wake osafunsa. Usiku wina mayi adaimba foni, ndidapatuka pang'ono n'kumayankhula Chichewa motsitsa mawu. Nditabwerera bamboyo adandiyang'ana.

"Iwe mphwanga, kwanu n'kuti?"

"Ku Angónia, a doutor."

"Nanga ndani ali m'ndende?"

Nawonso adali a kumapiri konkuno. Ndidawafotokozera zonse, manja akunjenjemera pa thaulo. Adafunsa nambala ya processo, fayilo ya mlandu, sindinkaidziwa. Adafunsa ngati mnyamatayo adaonekerapo kwa woweruza, ndidati ayi. Adakhala chete nthawi yaitali. Kenako adatembenuza lisiti n'kulemba kuseri kwake zinthu zitatu: IPAJ, habeas corpus, ndime 66. Adandiuza kuti IPAJ ndi ofesi ya boma yomwe idakhazikitsidwa mu 1994 kuti iziimira anthu opanda ndalama ya loya, ndi kuti pempho la habeas corpus, loti munthu wotsekeredwa mosatsata lamulo atulutsidwe, khoti limayenera kuliyankha pasanathe masiku 8. "Upite mawa. Usapereke kanthu kwa munthu aliyense. Ukatchule tsiku lomwe adamugwira, ndipo usachoke osalemba nambala."

Tsikulo ndidalidziwa bwinobwino chifukwa cha botolo la mayi.

Mtsikana wa ku IPAJ yemwe adatenga nkhaniyo adali wamng'ono kwa ine, tebulo lake lodzaza mafayilo mpaka m'mphepete, koma adayenda nayo. Pasanathe mwezi mng'ono wanga adaima pamaso pa woweruza, womasulira ali pambali. Mboni ya jekete yofiira sidabwere. Katundu wa m'sitolo sadapezeke naye ngakhale kandulo imodzi. Atamuwerengera pepala lija m'Chichewa, ndi pomwe adamva koyamba kuti adavomera kuthyola sitolo. Adagwira pakamwa. Woweruza adamumasula tsiku lomwelo.

Anthu amandiuza kuti ndithokoze Mulungu, ndipo ndimathokoza. Bambo aja ndimawalemekeza mpaka lero. Koma mtima wanga sukhazikika, chifukwa ndikudziwa chomwe chidatsegula chitseko. Si kusalakwa kwa mng'ono wanga, poti adali wosalakwa kuyambira tsiku loyamba. Si lamulo, poti lidalipo kale. N'chakuti mkulu wake ankathira wisiki m'tambula ya munthu wodziwa malamulo, ndipo munthuyo adamva Chichewa n'kutembenuka. M'chipinda chomwe ankagonamo adasiyamo anzake, wina wa nkhuku, wina wa foni, wina wa ndewu ya kumowa, ena olakwadi, ena ayi, onse osadziwa tsiku lawo. Amayi awo alibe mwana pa bala. Ndimaganizanso za mlonda uja ndi mwini sitolo. Iwonso adalandidwa chilungamo, chifukwa tsiku lomwe chala chidadindidwa kufufuza kudathera pomwepo, ndipo yemwe adaswa mutu wa mlondayo akuyenda mpaka lero.

Kuchokera nthawi imeneyo dziko lasintha malamulo ena. Mu 2019 kudabwera lamulo latsopano la milandu ndi la kazengedwe kake, kulowa m'malo mwa kazengedwe ka 1929 komwe tidatengera kwa atsamunda, ndipo zilango zina zosafuna ndende, monga kugwira ntchito yothandiza anthu, zidalembedwamo. Ndi zabwino. Koma ine ndikapita kumudzi, pamaliro kapena potuluka m'tchalitchi, ndimapezabe anthu osadziwa kuti kuli maola 48, kuti kuli IPAJ, kuti munthu akhoza kukana kudinda pepala lomwe sadamumasulire. Ndimawauza, m'chinenero chathu, ndipo ena amalemba pachikhatho. Mawailesi a m'madera amaulutsa m'Chinyanja za feteleza, katemera ndi mpira tsiku ndi tsiku. Ndime 64 ikhoza kuwerengedwa pamenepo m'mphindi ziwiri. Ndime 58 imati boma lili ndi udindo wolipira munthu yemwe ufulu wake waphwanyidwa ndi antchito ake. Ndidamuuza mng'ono wanga. Adapukusa mutu, adati sakufuna kuonanso khomo la ofesi ina iliyonse, ndipo sindidamukakamize.

Ntchito ya pa bala ndikuigwirabe, ndipo wisiki ndimamukondabe. Ndimakonda kuleza mtima kwa anthu omwe amatsekera mgolo lero podziwa kuti adzautsegula ndi ana awo. Mlendo akandifunsa za nambala ya pabotolo ndimamufotokozera monga adandifotokozera mkulu uja, mawu onse, mpaka paja pakuti akanama ndi mlandu.

Mng'ono wanga adamugwira chimanga chatsopano chili m'nkhokwe, adatuluka china chikuuma m'minda ya anzake. Pepala lomumasula lidali ndi dzina lake, chidindo ndi siginecha, koma silidanene kuti wakhalamo masiku angati. Madzulo a tsiku lomwe tidafika naye, anthu obwera kudzamuona atabalalika, mayi adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la velemoti lija. Adayala mphasa pakhonde, adakhuthula. Maso ena a pansi adali atafumbwa kale ndi anankafumbwe. Mng'ono wanga adawaunjika khumikhumi ndi zala zake za mphere zija, ine ndikuwerenga milu, mayi atakhala potero manja ali pamiyendo.

"318," ndidatero.

Mayi adapukusa mutu. Adanyamuka pang'onopang'ono, adapita kunkhokwe, adabwera ndi diso limodzi la chimanga n'kuliika pamulu wotsiriza.

"Lilipo tsiku lina ndidagona ndi malungo, sindidadzuke," adatero. "Limenelonso adali komweko."